Mwana wa mlongo wanga akukwatirana ndi mwamuna mnzake ku Joni: ine malume ndiyambire pati?

Wosatchula dzina, Mufakose:

Zikomo akuluakulu a pagulu pano. Ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi si yanga ndekha. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 31, amagwira ntchito ku Johannesburg. Watiuza kuti mu Disembala akulembetsa ukwati ndi mwamuna mnzake, mbadwa ya komweko, ndipo akufuna kuti ine ndi mayi ake tikakhalepo. Ine ndine mwinimbumba, choncho maso a onse ali pa ine. Poyamba ndinakaniratu, koma mtima ukukana kumutaya mwanayo. Ndithandizeni zitatu. Malamulo a kuno ku Zimbabwe ndi a kumudzi ku Malawi akuti chiyani, tikapita tingamangidwe? Mayi ake ndi a Chigwirizano, sakudya, sakugona, ndiwathandize bwanji? Nanga munthu amene anakula akumva kuti izi nzonyansa amatha kusintha maganizo? Zimayenda motani?

Oyang'anira gulu:

Funsoli talivomereza. Kutsutsa nkololedwa, kutukwana ayi. Wofunsafunsa kuti banjali ndi liti timuchotsa.

A Banda, Highfield:

Ndiyankhe za malamulo, poti pamenepo ndi pamene anthu amaopsezana ndi zabodza.

Kuno ku Zimbabwe, malamulo aakulu a dziko a mu 2013, ndime 78(3), amaletsa ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Lamulo la maukwati la mu 2022 silinasinthe zimenezo. Ngakhale ndime 41, ija yoteteza anthu okhalira limodzi osalembetsa, imanena za mwamuna ndi mkazi basi. Ndiye setifiketi ya ku Joni ikangowoloka Beitbridge imasanduka pepala wamba. Mlandu weniweni uli mu Criminal Law Code, ndime 73: mwamuna wogonana ndi mwamuna, kapena kugwirana mwa njira imene khoti lingaione kuti njosayenera, akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala kundende mpaka chaka chimodzi. Onetsetsani, ndimeyo ikunena za zochita, osati za mmene munthu alili, ndipo siyikutchula akazi. Palibe ndime yomanga malume kapena mayi chifukwa chokakhala pa mwambo umene uli wololedwa m'dziko limene ukuchitikira.

Ku South Africa nkhani inatha kale. Khoti loona za malamulo aakulu linagamula mu Disembala 2005 kuti maukwati otere aloledwe, ndipo Civil Union Act inayamba kugwira ntchito pa 30 Novembala 2006. Linali dziko loyamba mu Africa muno, lachisanu pa dziko lonse. Awiriwo akhale a zaka 18 kapena kuposa, pakhale mboni ziwiri, ndipo amasankha okha ngati ulembedwe kuti ukwati kapena mgwirizano, koma mphamvu yake ndi imodzi. Kuyambira 2020 wogwira ntchito ku Home Affairs sangakanenso kuwamangitsa ponena kuti chikumbumtima chake sichikulola. Abusa okha ndi amene sakakamizidwa.

Kumudzi nkowawa kuposa kuno. Penal Code ya Malawi, ndime 153, chilango chake chimafika zaka 14 kundende. Ndime 156 ndi zaka 5 kwa amuna, ndipo 137A ndi zaka 5 kwa akazi. Mukukumbukira chinkhoswe cha ku Blantyre cha mu Disembala 2009: awiri aja anagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, kenako Bingu wa Mutharika anawakhululukira Ban Ki-moon, amene anali mkulu wa United Nations, atabwera. Mu Juni 2024 khoti linakana kuchotsa ndime zimenezo. Choncho maganizo oti mukachitire kamwambo kumudzi kuti agogo aone, aiwaleni.

Nankhoma, Mabvuku:

Amalume, funso lanu lachitatu ndi limene lanyamula enawo, ndiye ndichedwapo.

Inde, anthu amasintha, koma si mtsutso umene umawasintha. Ku America bungwe la Gallup linapeza kuti mu 1996 anthu 27 pa 100 okha ndi amene ankavomereza maukwatiwa, pofika 2021 anali 70. A bungwe lina la kafukufuku la Pew atafunsa mu 2013 amene anasintha maganizo, chifukwa chimene chinatchulidwa kwambiri chinali chakuti amadziwa munthu wotere, mnzawo kapena wachibale. Kumeneko si kuno, koma mtima wa munthu umayenda chimodzimodzi. Malinga ngati ili nkhani ya pawailesi, munthu amangolavula. Ikakhala mwana amene unamusambitsa ndi manja ako, mutu umayamba kufunsa mafunso ena.

Mfundo yaikulu ndi iyi: pali zinthu zitatu zimene mabanja amazimanga mtolo umodzi, ndiye mtolowo sunyamulika. China ndi chimene mumakhulupirira pa za ukwati. China ndi ngati mupite ku mwambowo. China ndi ngati mwanayo akadali wanu. Chachitatuchi chiyankheni lero lomwe, pafoni, ndi pakamwa panu, osati pa meseji: "Ndiwe mwana wathu, khomo ndi lotsegula, zinazi tipatse nthawi." Choyambacho chikhoza kutenga zaka, mwina osasintha nkomwe. Chachiwiri muli ndi miyezi yoti muganize.

Ndikufulumizitsa chachitatu chifukwa kukanidwa ndi abale kumapha. Kafukufuku wa ku San Francisco State University wa mu 2009 anapeza kuti achinyamata otere amene anakanidwa kwambiri kunyumba anayesa kudzipha mowirikiza ka 8 kuposa amene sanakanidwe. Mwanayo akayamba kunena kuti bola kufa, kugawa katundu wake, kapena kusowa pafoni, musadikire msonkhano wa banja.

Za mayi ake. Chimene chikuwadya si chiphunzitso chokha. Ndi maliro a zinthu zimene ankayembekeza: chinkhoswe, mpongozi wowathandiza pakhomo, zidzukulu, nthungululu za anzawo a Chigwirizano. Asiyeni alire, musawatseke pakamwa ndi mavesi, kaya a mbali iyi kaya a mbali inayo. Funso limene adzabwereza ndi lakuti "ndinalakwitsa pati polera?" Yankho ndi lakuti palibe. Si kaleredwe, si kusowa bambo pakhomo, si Joni. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachotsa zimenezi pa mndandanda wa matenda pa 17 Meyi 1990, ndiye palibe jakisoni kapena mankhwala ake. Akapitirira masabata awiri osagona, osadya bwino, apite ku kiliniki ya khonsolo akafunse za Friendship Bench, agogo aja ophunzitsidwa kumvetsera pabenchi. Ntchito imeneyi inayambira ku Mbare konkuno, ndipo imathandiza matenda amene anzathu achishona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira muyeso.

Zimene zimaononga zinthu ndi zodziwika. Kuitanitsa mbumba yonse nkumuika mwana pakati ngati wakuba: iye amatseka foni, ndipo mumamva za iye patapita zaka. Kumupititsa kwa mneneri kapena kwa sing'anga mokakamiza: ndalama zimatha, iye amangophunzira kunama. Choipitsitsa ndi kumupezera mkazi kuti "achire". Pamenepo mwaononga anthu awiri, ndipo mwana wamkazi wa eni ake sanalakwe kanthu. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Mawu aja oti mathanyula, kapena ngochani, alekeni ngakhale iye palibe, chifukwa ana apakhomo amamva ndipo amakafikitsa.

A Mbewe, Dzivarasekwa:

Ine sindivomereza ukwati wotere ndipo sindibisa. Genesis 2:24 ndi Mateyu 19 amanena za mwamuna ndi mkazi, ndipo mipingo yathu yambiri, ya CCAP, ya Katolika, ya Pentekosite, pamodzi ndi Asilamu anzathu, aima pamenepo. Amalume asapusitsidwe kuti mpingo usintha mawa. Papa Francis atalola mu Disembala 2023 kuti ansembe akhoza kudalitsa anthu otere popanda kuutcha ukwati, maepiskopi a ku Malawi anakana pasanathe sabata, ndipo mu Januwale 2024 maepiskopi a mu Africa anatulutsa chikalata chimodzi chokana.

Koma pa kutaya mwana ndili ndi Nankhoma. Katekisimu wa Akatolika yemweyo, ndime 2358, amati anthu otere alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, asasalidwe mopanda chilungamo. Palibe lamulo la mpingo loti mayi asadye nsima ndi mwana wake. Malangizo anga: mayiwo akaonane ndi abusa paokha, kunyumba ya abusa, osati kukaponya nkhaniyi pa pemphero la Lachinayi, chifukwa "tiwapempherere" ya pagulu imafika pamsika dzuwa lisanalowe. Akafunse mosazungulira: ndikapita, kodi bwalo la akulu a mpingo lindiimitsa pa Mgonero kapena kundivula yunifomu? Adziwiretu mtengo wake asanakwere basi. Pali njira yapakati: osakhala pa mwambo, koma kupita sabata yotsatira kukawaona kunyumba kwawo nkudya nawo.

Nankhoma, Mabvuku:

A Mbewe, njira yapakatiyo ndi yabwino pokhapokha mwanayo auzidwe pasadakhale, ndi chifukwa chake. Kulonjeza kenako osafika tsikulo ndi bala loposa kukana poyera. Ndipo amalume, musanaganize zopita kapena ayi, yambani mwalankhula naye mnzakeyo. Kanema wa pa WhatsApp wa mphindi 15 akwana. Mufunseni zimene mukanafunsa mkamwini aliyense: kwanu nkuti, makolo alipo, mumagwira ntchito yanji, mukayambana amakuyanjanitsani ndani? Funso lomalizali ndi la unkhoswe, ndipo mabanja otere nthawi zambiri alibe ankhoswe. Nkhanza zimachitikanso m'menemo monga m'banja lina lililonse, ndipo wozunzidwa amasowa kothawira chifukwa kwawo anamutsekera.

A Phiri, Tafara:

Palibe amene wakhudza chuma, pomwe ndi chimene chimadzagawanitsa anthu pamaliro.

Ku South Africa, okwatirana popanda pangano la chuma amaphatikiza zonse, katundu ndi ngongole zomwe. Mnzake akakhala ndi ngongole, nayenso yamugwera. Akafuna kuti aliyense akhale ndi zake, apite kwa loya wa notary asayinirane antenuptial contract ukwati usanachitike. Pambuyo pake zimafuna khoti ndi ndalama zambiri.

Kuno nkosiyana. Ngati mnyamatayo ali ndi sitandi kapena nyumba ku Harare, akamwalira wopanda wilo, mnzakeyo sawerengedwa ngati mwamuna kapena mkazi wake, chumacho chimapita kwa abale a magazi. Akafuna kumusiyira kanthu, kapena kuteteza mayi ake kuti nyumba isagulitsidwe ali momwemo, alembe wilo ya kuno. Asayine tsamba lililonse pamaso pa mboni ziwiri za zaka 16 kapena kuposa, zonse zilipo nthawi imodzi. Pamene anthu amagwa ndi apa: wolandira kanthu mu wilo asakhale mboni, apo ayi gawo lake likhoza kuthetsedwa. Akatha akaisungitse ku ofesi ya Master of the High Court. Khoti Lalikulu la Supreme linagamula mu 2020 kuti munthu ali ndi ufulu wosiyira chuma chake amene wafuna, choncho wilo yolembedwa bwino imaima.

Kambiranani za maliro akadali moyo, ngakhale pachikhalidwe chathu timaziopa. Akaikidwe kuti, Joni, Harare kapena kumudzi? Pa polise ya maliro ndi ku sosaite analembetsa ndani? Ku South Africa mnzakeyo ndi amene chipatala ndi boma adzamumvere poyamba, osati malume. Mukadana naye lero, tsiku limenelo mudzagogoda pakhomo la munthu amene munamutukwana.

Wosatchula dzina, Mufakose:

Zikomo nonse. Ndamuimbira usiku wathawu, ndamuuza mawu aja a Nankhoma. Za mwambo sindinalonjeze. Wafunsa ngati angabwere naye mnzakeyo pa Khirisimasi kudzaona mayi. Pamenepa nditani?

A Banda, Highfield:

Angabwere, koma mwanzeru. Pachipata cha Beitbridge kapena pabwalo la ndege aliyense alowe ndi pasipoti yake ngati mlendo wamba, setifiketi ija ikhale ku Joni, kuno siyiwathandiza kanthu. Kulokeshoni makoma ndi opyapyala, ndiye ulendo woyamba ndi bwino afikire ku loji ya kutauni, mayi akakumane nawo kumeneko kapena kunyumba kwanu masana, anthu atatu kapena anayi basi.

Choopsa chenicheni si khoti, ndi anthu oopseza kuti apatsidwe ndalama. Wina amapeza chithunzi cha ukwati nkumati ndipatseni madola mwakuti, apo ayi ndikanena kupolisi kapena kumpingo. Musapereke ngakhale senti, wopatsidwa kamodzi amabweranso. Sungani mameseji onse ndi nambala yake. Kuopseza kotero ndi mlandu pa ndime 134 ya Criminal Law Code, ndipo chilango chake nchachikulu kuposa cha ndime 73. Musapite nokha kupolisi, yambani mwaonana ndi loya. A Zimbabwe Lawyers for Human Rights ndi a GALZ, bungwe loimira anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha limene lilipo mu Harare kuyambira 1990, amazidziwa nkhani zotere. Pa chifukwa chomwecho, zithunzi zisaponyedwe pa gulu la banja la WhatsApp kapena pa Facebook popanda eni ake kulola.

Nachisale, Mbare:

Kuwonjezera pang'ono ngati mutaganiza zopita inuyo. Onani pasipoti ya mayi lero, osati mu Novembala. Ya Zimbabwe imalowa ku South Africa popanda viza mpaka masiku 90, ya Malawi masiku 30. Mabasi a ku Roadport amadzaza mu Disembala ndipo mzere wa pa Beitbridge umatha kudya tsiku lathunthu, ndiye gulani tikiti msanga, mufike kutatsala masiku awiri. Akakupemphani kukhala mboni, dziwani kuti mudzasayina m'kaundula wa Home Affairs ndi pasipoti yanu. Ngati mtima sunafike pamenepo, nenani kuti mudzangokhala pampando, mboni apeze ena.