Kodi msilikali wopuma alembe chiyani pa CV yake?

Wopuma wa ku Zomba:
Ndikupereka moni kwa nonse. Ndinapuma usilikali chaka chatha nditatumikira zaka 22, ndipo zambiri mwa zaka zimenezi ndinali woyang'anira nkhokwe ya katundu ku Cobbe Barracks, kupatula nthawi imene ndinatumizidwa ku DRC pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations. Ndatumiza makalata ofunsira ntchito malo asanu ndi awiri, koma amene anandiyankha ndi amodzi okha, iwonso ankafuna mlonda wa usiku. Ulonda sindikuunyoza, koma ndikudziwa kuti ndingathe zoposa pamenepo. CV yanga ili ndi masamba asanu, ndipo ndinalembamo udindo uliwonse kuyambira pamene ndinatuluka ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima. Kodi ndikulakwitsa pati? Mwana wanga wamkazi, amene akumaliza maphunziro ku LUANAR, yunivesite ya za ulimi, vuto lake ndi lina: akuti alibe choti alembe.

Wolemba anthu ntchito, Limbe:
Bambo, vuto lagona pa masamba asanuwo ndi pa mawu amene mwagwiritsa ntchito. Ntchito ikangolengezedwa m'nyuzipepala, maenvulopu amadzaza katoni, ndipo amene timasankhafe timayamba taona tsamba loyamba lokha. Tikapezapo maudindo a ku usilikali ndi zilembo zachidule zimene zimamveka kubalaki kokha, timangogwirapo mawu akuti msilikali, ndiye maganizo amathamangira ku geti.

Komatu ntchito imene munkagwirayo ndi yomwe makampani amasowa munthu wokhulupirika woigwira. Pamwamba penipeni lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena kuti ndinu woyang'anira nkhokwe wa zaka zakutizakuti. Kenako fotokozani, m'Chingerezi chosavuta, kuti munkalandira katundu, kumulemba m'mabuku, kumugawa, kumuwerenga pakutha pa mwezi, kuti munkatsogolera anthu angati, ndiponso ngati oyendera mabuku ankapeza zonse zili m'malo mwake. Za ku DRC musaziike ngati mendulo chabe. Nenani kuti munagwira ntchito ndi anthu a mayiko ena motsata malamulo a United Nations, pakuti mabungwe othandiza pa ngozi amachiona chimenecho msanga. Chiwerengero cha zida ndi zina zachinsinsi zisalowemo.

Chotsani mudzi, mfumu yaikulu, chipembedzo ndi chiwerengero cha ana. Ambiri timalembabe zimenezi mwachizolowezi, koma zimangodya malo. Masamba awiri akukwanirani.

Mphunzitsi wakale, Mchinji:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Limbe, ndipo ndiwonjezere za ine mwini. Ndinaphunzitsa kupulayimale zaka 11 ndisanalowe ntchito m'bungwe lina loona za umoyo wa ana. CV yanga yoyamba inali mndandanda wa sukulu zimene ndinaphunzitsako, ndipo palibe amene anandiitana. Mnzanga wina atandifunsa kuti kupatula kugwira choko ndinkachitanso chiyani, ndi pamene ndinakumbukira kuti ndine amene ndinkasunga buku la ufa wa phala, ndinkalemba malipoti opita kwa mlangizi wa maphunziro, komanso ndinkakhala pa misonkhano ya mafumu ndi makolo pa nkhani ya atsikana osiya sukulu. Ndinaika zimenezi patsogolo, mayina a sukulu n'kubwera pambuyo. Chinanso, CV imodzi siyenda paliponse. Muziwerenga chilengezo cha ntchito mosamala, ndipo luso limene alitchula poyamba likhale loyambanso kwa inu, malinga ngati mulidi nalo.

Mayi wa ku Area 25:
Za mwana wanu, bambo, musadandaule kwambiri, chifukwa wolemba ntchito sayembekezera zaka zambiri kwa munthu wongotuluka kumene ku koleji. Ayambe ndi maphunziro, atchule mutu wa kafukufuku wake wa chaka chomaliza ndi zimene anachita ndi manja ake, monga kufunsa alimi mafunso m'midzi kapena kuyeza dothi. Atachimenti, nthawi imene wophunzira amakaphunzira ntchito pakampani kapena bungwe, ndi ntchito ndithu, ngakhale inali ya miyezi iwiri yosalipidwa, ndipo usungichuma wa kwaya kapena wa kalabu ya ophunzira umasonyeza kuti anthu anam'khulupirirapo pa ndalama. Akhale ndi imelo ya dzina lake lenileni, osati ya dzina lamasewera.

Pa za masamba awiri ndisiyana pang'ono ndi bambo a ku Limbe: kwa mwanayu tsamba limodzi likwana, koma kwa inu, ngati lachitatu lili la maphunziro a ukadaulo amene munachita kuntchito ndi laisensi yoyendetsera galimoto, sindikuona cholakwika. Anthu okuchitirani umboni muwapemphe kaye musanawalembe, ndipo muyese manambala awo. Ine ndinaimbirapo bambo wina wolembedwa ngati mboni pa CV, amene anayankha kuti dzina la wofunsira ntchitoyo sakulikumbukira.

Wopuma wa ku Zomba:
Zikomo kwambiri nonse. Za buku la phala zandikumbutsa kuti mafuta a galimoto ndinkalembanso ndine. Funso limodzi latsala: bwana wanga wakale nayenso anapuma ndipo ali kumudzi, kodi akhoza kukhalabe mboni yanga?