Ekisikaveta ikuonetsa vuto la sensa ya DEF ngakhale thanki ndi yodzaza

Kapitawo_wa_Makina analemba:

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndimayang'anira ekisikaveta ya matani 20 yomwe injini yake imagwiritsa ntchito madzi a DEF othandiza kuyeretsa utsi, omwe ena amawatcha AdBlue. Kuyambira sabata yatha nyale yachikasu ikuyaka pa sikirini, ndipo geji ya madziwa nthawi zina imagwa mpaka pansi ngakhale thanki ndi yodzaza, kenako imakweranso yokha pakapita mphindi zingapo. Makhodi akutuluka atatu, SPN 1761, SPN 3031 ndi SPN 3364, ndipo onse ali ndi FMI 9. Poganiza kuti madziwo ndi oipa, ndinakhuthula thanki yonse n'kuthiramo atsopano ochokera m'chigubu chomwe chinali chisanatsegulidwepo, koma palibe chomwe chinasintha. Dzulo injini yayamba kufooka, moti mkono ukukwera mwaulesi ndowa ikadzaza dothi. Wogulitsa zipangizo akuti ndigule sensa yonse ya m'thanki, koma sindikufuna kugula ndisanatsimikize kuti ndi imene yafa. Kodi ndiyambire pati?

Makaniko_wa_Dizilo anayankha:

Akapitawo, musagule kanthu pakadali pano, chifukwa makhodi omwe mwatchulawo akulozerani kale koyambira. SPN 1761 ndi ya kuchuluka kwa madzi m'thanki, SPN 3031 ndi ya kutentha kwake, ndipo SPN 3364 ndi ya ubwino wake. Zinthu zitatuzi zimayezedwa ndi chipangizo chimodzi chomwe chimalowa m'thanki kuchokera pamwamba, ndipo chimatumiza zonse ku kompyuta ya injini kudzera pa mawaya awiri onyamula mauthenga otchedwa CAN. FMI 9 imatanthauza kuti uthenga sukufika pa nthawi yake. Kompyuta sikunena kuti madzi ndi oipa ayi, ikudandaula kuti sensa yakhala chete. Makhodi atatu akatulukira pamodzi chonchi, komanso vuto likamabwera n'kumapita, ine ndimayamba ndi fyuzi, pulagi ndi mawaya.

Zimitsani makina, dikirani pampu imalize kubweza madzi m'thanki, kenako zulani pulagi ya sensayo ndipo muyang'ane mapini ake ndi tochi. Mukatero tsegulani kiyi n'kuyeza ndi multimeter ngati magetsi akufika pa pulagi monga mmene chithunzi cha mawaya a makina anu chikunenera. Waya wa efi (wa negetivi) muuyeze uli ndi katundu, mwachitsanzo polumikiza babu yaing'ono, chifukwa waya womwe watsala ndi tinthambo tiwiri umaonetsa ma volt abwinobwino pa mita pomwe sungathe kuyendetsa chilichonse. Pa mawaya a CAN, batire itazimitsidwa, muyenera kupeza ma ohm pafupifupi 60 pakati pa awiriwo, popeza kumapeto onse awiri kumakhala resistor ya ma ohm 120. Mukapeza 120 ndiye kuti mbali imodzi yaduka kapena yazulidwa, ndipo mukapeza pafupi ndi 0 ndiye kuti mawayawo agundana. Poyeza, mnzanu azigwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono, makamaka pomwe ukukhudzana ndi chitsulo, chifukwa ekisikaveta imanjenjemera tsiku lonse ndipo mawaya amaperepeseka pamalo otero.

Mai_Injiniya anayankha:

Ndikugwirizana ndi amakaniko, koma ndionjezerepo za madziwo, popeza mudzafunabe kudziwa ngati ali bwino kulumikizana kukabwerera. DEF yoyenera imakhala ndi urea wokwana 32.5 peresenti ndipo yotsalayo, 67.5 peresenti, ndi madzi oyeretsedwa, malinga ndi muyezo wa ISO 22241. Dontho limodzi pa refractometer, kachipangizo koyezera kuchuluka kwa urea m'madziwo, limakuuzani ngati mlingowu uli bwino. Masensa ambiri a mtunduwu amayeza pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso lomwe khutu silimva, choncho thovu lobwera mukangothira madzi, kapena timiyala toyera ta urea wouma tomwe tamatirira pa sensa, zimasokoneza muyezo. Timiyalato timasungunuka m'madzi ofunda oyera, ndipo musatipale ndi chitsulo. Komabe zimenezi kawirikawiri zimabweretsa khodi ya ubwino wa madzi yokha, osati makhodi atatu a FMI 9.

Pa pulagiyo ndikupemphani muyang'anitsitse. DEF imadya kopa ndi bulasi, ndipo ikatayikira pamwamba pa thanki pothira, imalowerera m'pulagi n'kusiya dzimbiri lobiriwira pa mapini. Ndaonapo anthu akusintha sensa yabwinobwino, vuto n'kuchoka kwa milungu iwiri chabe chifukwa pozula ndi kubwezeretsa pulagi mapini anapukutika pang'ono, kenako n'kubwereranso.

Kufooka kwa injini komwe mukuonako ndi kwadala. Madziwa amapoperedwa mu ekizozi, amasanduka ammonia chifukwa cha kutentha, ndipo mu SCR, chomwe ndi chipangizo choyeretsa utsi mu ekizoziyo, amasandutsa mpweya woipa wa NOx kukhala nitrogen ndi nthunzi ya madzi. Kompyuta ikalephera kutsimikiza kuti zimenezi zikuchitika, imachepetsa mphamvu pang'onopang'ono mpaka injini imangolira osagwira ntchito. Chotsani makinawo m'dzenje muwaimike pamalo abwino nthawi yomwe akadali ndi mphamvu zoyendera.

Dalaivala_Wakale anayankha:

Ena adzakuuzani kuti muike kachipangizo konamiza kompyuta kuti DEF isamafunikenso. Musavomere, achimwene. M'mayiko ambiri n'zoletsedwa, chitsimikizo cha kampani yopanga makina chimatha, ndipo utsiwo amaupuma ndi anthu omwe ali m'ngalande pafupi ndi makinawo. Komanso muwafunse oyendetsa anu ngati amathimitsa swichi yaikulu ya batire akangozimitsa injini. Pampu imafunika kanthawi kuti ikoke madzi otsala m'mapaipi, ndipo akasiyidwa momwemo amauma n'kutseka injekita, kapena kumalo ozizira amaundana pa madigiri 11 pansi pa ziro.

Kapitawo_wa_Makina analembanso:

Zikomo kwambiri nonse. Fyuzi inali bwino, koma nditazula pulagi ndinapeza zomwe Mai Injiniya ananena: labala yotseka madzi inali itang'ambika, mapini awiri anali obiriwira, ndipo pini ya magetsi inali itadyeka moti inathyoka nditangoikhudza. Mawaya a CAN anaonetsa ma ohm 61, ndipo sanasinthe ngakhale tinagwedeza mtolo wonse. Dzimbirilo linali litalowa mu waya pansi pa chikopa chake, choncho tinadula masentimita pafupifupi 10 mpaka tinapeza kopa wowala, n'kuika pulagi yatsopano ndi labala yake. Mapini a mbali ya sensa tinawatsuka ndi mankhwala otsukira zamagetsi ndipo anayera.

Geji inakwera titangotsegula kiyi ndipo makhodi atatu aja anasiya kuyaka, koma mphamvu sizinabwerere mpaka makaniko atabwera ndi laputopu kudzafufuta SPN 5246, yomwe anati ndi ya kuchepetsedwa kwa mphamvu. Anayezanso madziwo n'kupeza 32.4 peresenti. Makina agwira masiku atatu tsopano popanda nyale kuyaka. Woyendetsa wavomera kuti amathira molunjika kuchokera m'chigubu ndipo madzi amatayikira pamwamba pa thanki, choncho ndamupatsa fanelo yapulasitiki ya DEF yokha ndi botolo la madzi otsukira pomwe patayikira. Amakaniko, kodi ndipake girisi yamagetsi m'pulagi yatsopanoyi, kapena labala yokha ndi yokwanira?