Ndichoke pa Windows ya 32-bit kupita ya 64-bit?

Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi laputopu ya HP ProBook 4530s, Core i3, yomwe ndimataipira anthu makalata pakashopu kanga ku Zomba. Ili ndi Windows 10 ya 32-bit. Ndinawonjezera RAM kufika 8GB koma ikungogwiritsa pafupifupi 3GB, ndipo mapulogalamu ena akukana kulowa, akufuna 64-bit.

Ndayang'ana mu Settings, processor yake ndi x64, kutanthauza kuti ikhoza kuyendetsa Windows ya 64-bit. Windows Update sinasinthe kanthu. Wokonza wina akuti palibe kuchitira mwina, ndifufute zonse n'kuika Windows mwatsopano. Mantha anga ali pa printa yakale ya Canon LBP2900, poti ndimadyera pomwepo.

Amene munachitapo zimenezi, printayi idzagwirabe ntchito pa 64-bit? Nanga laisensi ya Windows siitayika? Chonde thandizeni.