Mapaundi 1,200 otsatsira shopu ya nsomba ndi tchipisi: tipereke kapena tisiye?

Nabanda: Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ena mukudziwa kuti ine ndi bambo a kunyumba tinatenga shopu ya nsomba ndi tchipisi m'katauni kena kufupi ndi Leeds ku England, mwini wake atapuma ndi ukalamba. Lachisanu madzulo zimayenda, mzere umafika pakhomo. Koma Lolemba mpaka Lachitatu mafuta amangopsa chabe ife tikuyang'anana. Ndiye kwabwera mnyamata wa kampani ina yotsatsa malonda, akuti timupatse mapaundi 1,200 a miyezi itatu. M'menemo muli mafulaya 5,000 oponya m'makomo mwa anthu, kutsatsa pa Facebook ndi Instagram, kutijambulira zakudya, kutilembetsa pa ma app a delivale, komanso akuti atipezera ndemanga 40 za nyenyezi zisanu pa Google. Akufuna yankho pofika Lolemba, apo ayi mtengo ukwera. Bambo akuti tipereke. Ine mtima ukukana.

Aphiri a ku Bradford: Zoti Lolemba mtengo ukwera musazimvere, ndi nyimbo ya wogulitsa aliyense. Chandiimitsa ine ndi ndemanga 40. Anthu 40 amenewo adya liti nsomba yanu?

Nabanda: Akuti ali ndi anthu ake amene amalemba.

Aphiri a ku Bradford: Ndiye mwadziyankha nokha, achemwali. Ndemanga zogula ndi mlandu kuno tsopano. Lamulo la Digital Markets, Competition and Consumers Act la 2024 linaletsa, ndipo gawo limeneli linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2025. Wolakwa si wolemba yekhayo, wotumanso ali momwemo, ndiye dzina limene lidzatchulidwe ndi la shopu yanu, mnyamatayo atapita kale. Ngakhale boma lisakuoneni, Google ikazindikira imazifafaniza. Nanga anthu a m'katauni kakang'ono, amene amadziwana mpaka agalu awo? Shopu idzuke m'mawa ili ndi ndemanga za anthu 40 amene palibe anawaonapo pa kauntala, adzangokusekani.

Wa ma akaunti: Tiwerenge m'mbale, tisawerenge m'mapaundi. Mayi, nsomba ndi tchipisi mukugulitsa zingati? Ndipo munalembetsa VAT?

Nabanda: Haddock yapakatikati ndi tchipisi ndi mapaundi 10. VAT tinalembetsa, timapitirira malire a 90,000 pachaka aja.

Wa ma akaunti: Chabwino. Chakudya chotentha chonyamula chimalipira VAT ya 20 pa 100, ndiye pa mapaundi 10 amenewo paundi imodzi ndi ma pence 67 si zanu, mukungosungira HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho. Chotsaninso nsomba, mbatatesi, ufa, mafuta, gasi ndi bokosi. Nsomba ndiye musanene. Chiyambire nkhondo ya ku Ukraine mu 2022 mafuta a mpendadzuwa anakwera, boma linaika msonkho wa 35 pa 100 pa nsomba zoyera zochokera ku Russia, ndipo mlingo wa nsomba ya cod yololedwa kugwidwa m'nyanja ya Barents wakhala ukudulidwa chaka ndi chaka, anthu n'kukhamukira ku haddock, nayo n'kukwera. Manambala enieni muli nawo ndinu, koma tingoyerekeza kuti pa mbale iliyonse yowonjezera mumatsala ndi mapaundi atatu. Kuti 1,200 ibwerere mukufunika mbale 400, pafupifupi 31 pa sabata kwa masabata 13. Zikhale mbale zatsopano, osati za agogo amene akanabwera kale Lachisanu ndi fulaya kapena opanda fulaya. Ndipo fulayayo ikakhala yochotsera paundi imodzi pamtengo, mbale zija zikhala zopitirira 550, ngakhale VAT nayo itsike pang'ono.

Angozo a ku Manchester: Ine ndisiyana nanu akulu. Mbale 31 pa sabata ndi zingati patsiku? Zinayi, zisanu. Banja limodzi la ana atatu latha kale. Komanso mukuwerenga ngati kasitomala amabwera kamodzi n'kumwalira. Munthu akakonda nsomba ya pamalo amabwera zaka, amabweretsa apongozi ake. Vuto lathu Amalawi ndi loti ndalama ya katundu timatulutsa mosavuta, koma ya kutsatsa timaiona ngati yotaya. Kwathu wa chiwaya safuna chikwangwani, utsi ndi fungo zimamuitanira anthu pamsewu. Kuno munthu ali m'nyumba yotseka mawindo, mvula ikugwa, foni ili m'manja. Ngati simuli m'fonimo kulibe. Za ndemanga zogulazo ndavomera, zichoke. Zinazo ine ndikanapereka.

Wa ma akaunti: Sindinati asatsatse. Ndati adziwe mbale zimene akugula.

Dalaivala wa usiku: Ndilankhulepo za ma app, chifukwa ndimanyamula zakudyazi. Choyamba, kulembetsa pa Just Eat, Deliveroo kapena Uber Eats sikufuna mkhalapakati, mumachita nokha pa intaneti. Chachiwiri ndi komishoni. Mukamaperekera nokha ndi dalaivala wanu imakhala cha m'ma 14 pa 100, akamaperekera iwo imafika cha m'ma 30. Pa mbale ya mapaundi 10 ndiye kuti atatu apita, omwe aja akulu a akaunti amati mumatsala nawo. N'chifukwa chake mashopu ambiri mtengo wa pa app amaukweza kusiyana ndi wa pa kauntala.

Koma nkhani yaikulu si ndalama. Nsomba ya batter, yoviika mu ufa wamadzimadzi isanakazingidwe, siyenda ulendo. Pizza imapirira, curry ndiye imachita kukoma, koma nsomba ikangotsekeredwa m'bokosi, bokosi m'chikwama, nthunzi yake yomwe imafewetsa chikhokho chija. Ikafika kwa munthu ili lendelende, iye sadandaula za dalaivala kapena za ma roboti amene tinaima panjira, amalemba kuti shopu yakuti nsomba yake ndi yonyowa. Ngati mulowa, chepetsani mtunda wa delivale ndipo gulani mabokosi a tizibowo totulutsira nthunzi.

Anti a ku Glasgow: Mwana wanga Nabanda, ndakhala kuno nthawi yaitali, ndikuuze. Kuzizira kwa Lolemba si vuto la shopu yako yokha, ndi chikhalidwe cha eni dziko. Lachisanu ndi tsiku la nsomba kuyambira kalekale chifukwa cha mwambo wa mpingo wosadya nyama tsiku limenelo, ndipo ngakhale amene sanapondepo m'tchalitchi anatengera kwa makolo awo. Lachisanu Loyera ndiye uzakaona wekha, mzere umakhota pakona. Mashopu ambiri Lamlungu kapena Lolemba amangotseka. Fulaya singasandutse Lolemba kukhala Lachisanu. Werengera gasi, magetsi ndi malipiro a mtsikana wa pa kauntala a tsiku limenelo, mwina upeza kuti kutseka kukupatsa ndalama zambiri kuposa mnyamata wakoyo.

Amene ali ndi nthawi masana a Lachiwiri ndi Lachitatu ndi okalamba a penshoni. Apangire yawoyawo: kansomba kakang'ono, tchipisi pang'ono, mushy peas ndi kapu ya tiyi, mtengo wofewa, kuyambira 11:30 mpaka 2 koloko. Amenewa sudzawapeza pa Instagram. Ali ku holo ya tchalitchi, ku bingo, kokonzetsa tsitsi, m'nyumba zija za okalamba za khonsolo. Pita wekha ndi mapepala ako, upereke moni, udzitchule kuti ndiwe walowa m'malo mwa mkulu uja. Akufuna aone nkhope ya amene akuwakazingira nsomba.

Nabanda: Anti, mwalasa. Ambiri amene amabwera masana ndi omwewo, ndipo funso lawo loyamba limakhala lakuti mafuta tinasintha kapena ayi.

Aphiri a ku Bradford: Eya, mafuta! Mukukazingira chiyani?

Nabanda: Mafuta a ng'ombe, dripping, monga ankachitira mwini wake. Kuno ku Yorkshire mukudziwa, amati nsomba yeniyeni ndi imeneyo.

Aphiri a ku Bradford: Ndiye yang'anani amene mwayandikana nawo. Kwathu kuno Asilamu ndi ambiri, ndipo salowa m'shopu ya dripping pokhapokha atatsimikiza kuti ndi halal. Osadya nyama nawonso salowa. Ngati misewu yokuzungulirani ili ndi mabanja otere, mafulaya 5,000 aja gawo lina mwaponya m'makomo mwa anthu amene sangadye chakudya chanu olo mutawapatsa chaulere. Mnyamata wotsatsayo anakufunsani za mafuta?

Nabanda: Sanafunse. Koma kusintha mafuta ayi, okalamba anga angandithawe onse tsiku limodzi.

Aphiri a ku Bradford: Musasinthe. Ngati dera lanu ndi la dripping, ilembeni pa windo ndi zilembo zazikulu, pali anthu amene amayendetsa galimoto mtunda kufunafuna imeneyo. Chachikulu n'choti woyenda panja adziwe chimene chili m'poto.

Mjomba wa ku Luton: Inu mukuvutikiranji, ikani chambo ndi nsima Loweruka, tonse tibwera.

Angozo a ku Manchester: Mjomba, mudzabwera kamodzi, mudzajambula zithunzi, kenako mudzapempha ngongole.

Mjomba wa ku Luton: Kkkk ndiye mwandinyoza pagulu. Koma tilapia ilipo m'mashopu a Afirika, sindikunama.

Nabanda: Ilipo mjomba, koma ndikaiponya m'mafuta a haddock ndiye ndathetsa bizinesi. Tidzakuphikirani kunyumba.

Nachisale: Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya zotsatsa, ndiye ndinene zimene mnzangayo sanakuuzeni. Mumufunse kuti pa 1,200 imeneyo, zingati zikupita kwa Facebook ndipo zingati zikutsala m'thumba mwake. Akazengereza kuyankha mwadziwa. Mumufunsenso kuti tsamba ndi akaunti yotsatsira zikhala m'dzina la ndani, chifukwa miyezi itatu ikatha ena amachoka nazo, inu n'kuyambiranso pa ziro. Ndipo muwerenge kontirakiti ngati simadzikonzanso yokha ikatha.

Kutsatsa pa Facebook si koipa, Angozo akunena zoona kuti anthu ali pa foni. Koma kasitomala wa shopu ngati yanu amakhala mtunda woyenda pansi kapena mphindi zochepa pagalimoto. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mutha kusankha nokha kuti uthenga uzioneka kwa anthu a dera lanu lokha, cha m'ma 3 koloko masana pamene munthu wayamba kuganiza za chakudya chamadzulo, ndi mapaundi ochepa patsiku, n'kuimitsa tsiku limene mwafuna. Musanalipire kalikonse, konzani Google Business Profile, ndi yaulere. Maola otsegulira akhale olondola, menyu ndi mitengo zikhalepo, zithunzi zikhale za nsomba yanu yeniyeni. Munthu akalemba pa foni kuti akufuna nsomba ndi tchipisi pafupi, chimene amaona ndi chimenecho. Ndemanga pemphani kwa amene adya, kakhadi ka QR pa kauntala kakwana, koma osawalonjeza chakudya chaulere posinthana ndi nyenyezi. Gulu la Facebook la anthu a m'tauni yanu lowanimo, muziyankha mwaulemu ngakhale wina akalalate.

Pa zonse za mnyamatayo chimene ine ndingagule ndi zithunzi. Nsomba yokazinga ndi yovuta kujambula, pa foni pansi pa magetsi a m'shopu imaoneka yotuwa ngati yagonera.

Wa ma akaunti: Mafulaya nawonso muikepo chizindikiro. Msewu uliwonse kalembo kake, wobwera nayo fulaya muisunge m'kabokosi. Mwezi ukatha mudziwa misewu imene yayankha. Mukapatsa munthu 5,000 kuti akamwaze, mudziwa bwanji kuti sizinathere mu bini? Royal Mail ili ndi ntchito yake ya Door to Door yoperekera mafulaya potsata postcode, mufunse mtengo muyerekeze.

Anti a ku Glasgow: Oyendera za ukhondo a khonsolo anakupatsa malikisi angati?

Nabanda: Tili ndi 5 pa 5, chomata chobiriwira choonetsa malikisiwo chili pachitseko.

Aphiri a ku Bradford: Chimenecho ndi chuma. Ku Wales ndi ku Northern Ireland lamulo limakakamiza kuchionetsa, ku England kuno ayi, ndiye anthu anazolowera kuti amene sanamate ali ndi chobisa. Chikhale pa fulaya, chikhale pa Google. Komanso muli pamphuno pa National Federation of Fish Friers, likulu lawo lili mu Leeds momwemo, bungwe la eni mashopu a nsomba ndi tchipisi la kuyambira 1913, amaphunzitsa ndi kukazinga komwe. Mu Juni kumakhala National Fish and Chip Day, manyuzipepala a m'madera amafunafuna shopu yoti aijambule. Kumeneko ndi kutsatsa kosalipira.

Angozo a ku Manchester: Zonsezi ndi zabwino, koma mukuiwala chinthu chimodzi. Achemwaliwa amadzuka kusenda mbatatesi, kudula nsomba, kusakaniza batter, kutseka usiku, kukolopa. Nthawi yoyenda ku bingo, yokonza Google, yoyankha olalata pa Facebook aitenga kuti? Mnyamata uja mukumulipira nthawi. Zaulere zimene mukutchulazi zambiri zidzathera pa mndandanda womata pa fuliji. Ndipo ngati 1,200 yawavuta kupereka kwa munthu, aike pa chikwangwani chowala. Disembala kuno 4 koloko kwada kale, shopu yosawala anthu amaipitirira. Kungoti chowala nthawi zambiri chimafuna chilolezo cha khonsolo, ngakhale kabolodi koimika panjira ya oyenda pansi makhonsolo ena amafuna muwapemphe kaye.

Nachisale: Pa nthawi ndiye mwanena zoona. Koma Google ndi madzulo amodzi, mwana wa ku sekondale angathe.

Nabanda: Zikomo nonse, ndawerengera bambo zonse. Ndamuimbira mnyamata uja. Za ndemanga akuti tingazichotse koma mtengo sutsika. Za ndalama yopita kwa Facebook akuti zimatengera, sanatchule nambala. Zithunzi zokha akuti sagulitsa padera. Ndiye tamuuza kuti ayi, ndipo Lolemba lija lasanduka kumapeto kwa mwezi, akuti tiganizebe. Wojambula tipeza wathu. Mafulaya tisindikiza ochepa a chakudya cha okalamba, ndikaperekera ndekha Lachiwiri m'mawa. Za chikwangwani chowala bambo agwirizana ndi Angozo, alembera khonsolo. Za kutseka Lolemba ndiye sitinamvane, akuti munthu sunabwere ku Ulaya kudzatseka shopu.

Wa ma akaunti: Atumizeni kwa ine ndi mabilu a gasi ndi malisiti a Lolemba a miyezi itatu yapitayi, tikhale pansi.

Angozo a ku Manchester: Ine ndikadali pomwepo, Facebook musaitaye. Achemwali a Nachisale awaonetse poyambira, ayese mwezi umodzi wokha.

Nachisale: Nditumizireni menyu ku inbox, Nabanda. Komanso mundiuze ngati scraps, nyenyeswa za batter zotsalira m'mafuta zija, mumapereka zaulere, tiziike pamwamba penipeni.