Madontho ofanana pa zithunzi za pansi pa madzi akukana kugwirizana

Funso

Ndili ndi zithunzi zomwe ndinajambula pansi pa madzi, pamalo a miyala ndi mchenga, ndipo chilichonse chikuonetsa mbali yaikulu ya malo amene alinso pa chinzake chotsatira. Cholinga changa ndi kuzilumikiza kuti zikhale chithunzi chimodzi chachikulu. Ndikugwiritsa ntchito SIFT (njira yopezera madontho odziwika bwino pa chithunzi kuti afananizidwe ndi a pa chinzake) mu OpenCV (mapulogalamu a pa kompyuta ofufuzira zithunzi), koma ngakhale ikupeza madontho ambirimbiri, mizere yowagwirizanitsa ikungopingasana, mwala wa kumanzere nʼkulumikizidwa ndi mchenga wa kumanja. Pa zithunzi za pamtunda njira yomweyi imayenda bwino. Kodi ndikulakwitsa pati?

Yankho loyamba

Musanaitaye SIFT, yambani mwaona pamene madonthowo akugwera. Kawirikawiri mudzapeza kuti ali pa tizinyalala toyandama tomwe nyali ya kamera yatiwalitsa, kapena, ngati madziwo ndi osaya, pa mizere ya kuwala kwa dzuwa imene imavinavina pansi chifukwa cha mafunde. Zonsezi zimakhala zitasuntha pofika pa chithunzi chachiwiri, choncho dontho lotere silingapeze linzake. Dziwaninso kuti madzi amameza kuwala kofiira mʼmamita ochepa oyambirira, nʼchifukwa chake ine ndimafufuza madontho pa mtundu wobiriwira wokha, nditawalitsa chithunzi ndi CLAHE, njira yokulitsa kusiyana kwa powala ndi pakuda kachigawo ndi kachigawo. Musaipitirize muyeso, chifukwa imaonetsanso kwambiri tizinyalala tija.

Yankho lachiwiri

Simunatchule ngati mukusefa zomwe mwapeza. David Lowe, amene anapanga SIFT, analangiza mu 2004 kuti dontho likanidwe ngati kusiyana kwake ndi lofanana nalo kwambiri kukupitirira 0.8 ya kusiyana kwake ndi lachiwiri pa kufanana, ndipo pa mchenga, pamene paliponse pamaoneka chimodzimodzi, lamuloli limachotsa zabodza zambiri. Zotsalazo zidutse mu RANSAC, njira yotaya madontho osagwirizana ndi masamu olumikiza zithunzi ziwirizo. Pa masamuwo, chenjerani ndi homography, yosamutsira malo a pa chithunzi china pa chinzake: imafuna madontho anayi okha pa chithunzi chilichonse, koma imayesa kuti pansi ndi pathyathyathya. Poti mwatchula miyala, fundamental matrix, masamu osadalira kuti pansi pakhale pathyathyathya, ndiyo yoyenera, apo ayi mudzataya madontho abwino amene ali pamwamba pa miyalayo.

Yankho lachitatu

Kodi kamera yanu imaonera pa galasi lafulati kapena lobulungira? Pa lafulati kuwala kumapindika pochoka mʼmadzi kulowa mu mpweya, ndipo chithunzi chimapotoka kwambiri mʼmbali. Ngati munaiyeza kamerayo pamtunda kuti mudziwe momwe imapotolera zithunzi, iyezeninso ili mʼmadzi momwemo.

Wofunsa

Zikomo nonse. Galasi ndi lafulati, ndipo ndinayezadi pamtunda. Ndaonanso kuti madontho ambiri ali pa tizinyalala, monga mwanenera, choncho ndiyamba ndi zimenezi.