Mlongo wanga akukwatira ku Russia, ndithandizeni ndisakamuchititse manyazi kwa apongozi ake

Anzanga a pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Mlongo wanga wamng'ono anapita ku Russia kukaphunzira udokotala zaka 6 zapitazo, mumzinda wa Nizhny Novgorod, ndipo komweko wapeza mbeta. Ukwati uliko kumapeto kwa Januwale. Makolo athu anatisiya kalekale, amalume amene akanakhala ankhoswe miyendo ikuwavuta, ndiye banja lonse laloza ine kuti ndikaimire kuchimuna.

Chomwe chandiopsa ndi ichi. Sabata yatha tinaimbirana foni ya vidiyo kuti ndidziwane ndi mayi a mtsikanayo. Ndinavala chitenje chatsopano, ndinawomba m'manja n'kunena kuti "Mama, muli bwanji", uku ndikumwetulira ndi mtima wonse. Iwo anangondiyang'ana, nkhope ili gwa, n'kugwedeza mutu kamodzi basi. Mlongo wanga akuti palibe vuto, koma mwana ameneyu ndinamulera ndekha, ndimadziwa kuti amandibisira zinthu kuti ndisadandaule. Kodi sanatikonde? Kapena pali pamene ndinalakwitsa? Amene munakhalako kumeneko ndiuzeni: ndikawapatse moni wotani, nditenge mphatso yanji, ukwati wawo umayenda bwanji, nanga kuzizirako ndikapirira? Majekete awiri ndagula kale pa kaunjika ku Limbe.

Mayi wokhala ku Moscow: Achemwali, khazikani mtima pansi, palibe chimene munalakwitsa. Anthu a kuno samwetulira munthu amene sanazolowerane naye. Kwa iwo kumwetulira n'kwa anthu amene mwadyera nawo limodzi, ndipo ali ndi mwambi wonena kuti kuseka popanda chifukwa n'chizindikiro cha kupepera. Chaka changa choyamba ndinkalira poganiza kuti mayi oyandikana nane nyumba amadana nane, koma ndi omwewo amene anandibweretsera msuzi wotentha masiku atatu otsatizana nditadwala chimfine. Mudzaona nokha mukadzakhala nawo patebulo.

Pamene mungakonze ndi pa kaitanidwe. Kuno munthu wamkulu satchulidwa kuti mama ngati sanakubereke kapena si apongozi ako. Ulemu wawo ndi kutchula dzina la munthuyo pamodzi ndi dzina lochokera kwa bambo ake. Tiyerekeze mayiwo ndi Olga ndipo bambo awo anali Ivan, mudzawaitana Olga Ivanovna. Kwathu kutchula dzina la munthu wamkulu n'chipongwe, ndiye pakamwa padzalemera, koma kuno umenewo ndiye ulemu waukulu. Funsani mlongo wanu mayina awiriwo muyambe kuyeserera lero. Alinso ndi "inu" ndi "iwe" ngati ife: vy ndi ty. Inu gwirani vy mpaka eni ake anene kuti musinthe. Moni wake ndi zdravstvuyte, zikomo ndi spasibo.

Bambo amene anaphunzira ku Kazan, mzinda wina wa ku Russia: Kuwonjezera pa zimene anena mayiwa, musapereke dzanja wina ali mkati wina ali kunja kwa chitseko. Lowani kaye, moni pambuyo. Nsapato muvule pakhomo, adzakupatsani tapochki, masilipasi a m'nyumba. Musapite chimanjamanja: keke kapena chokoleti, ndi maluwa a mayiwo. Koma maluwawo muwerenge bwino, akhale 3, 5, 7 kapena 9. Maluwa 2, 4 kapena 6 ndi opita nawo kumaliro ndi kumanda. Achikasu muwapewe, ambiri amati amalosera kulekana. Mpeni si wopatsa munthu ngati mphatso, ndipo m'nyumba saimbamo likhweru, amati ndalama zimathawa.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Maluwawo ndikanagula 6 ndithu. Nanga kugwada popereka mphatso, ndigwade?

Mayi wa ku Area 25: Gwadani achemwali, chikhalidwe chathu n'chathu. Mwana wawo akulowa m'banja la Amalawi, ayambiretu kutidziwa.

Mayi wokhala ku Moscow: Pamenepo ndisiyana nanu pang'ono mayi. Kuno amagwadira Mulungu m'tchalitchi, munthu akawagwadira amadzidzimuka n'kuthamangira kumudzutsa, mwina kuganiza kuti wadwala. Ngati mukufuna kugwada, mlongo wanu awafotokozere kaye kuti kwathu ndi ulemu, akatero adzakhudzidwa mtima. Kupanda apo perekani ndi manja awiri mutawerama pang'ono, zikwanira.

Tsopano za ukwati, poti apa ndi pamene pali udindo wanu weniweni. Ukwati wovomerezeka ndi boma amamangitsa ku ofesi yotchedwa ZAGS, mwambo wake ndi wa mphindi zochepa, ndipo wa kutchalitchi ndi wapadera kwa amene akufuna. Mphete amavala kudzanja lamanja. M'mawa mwake mabanja ena amachita vykup, pamene mkwati amapita kukatenga mkwatibwi, anzake a mtsikana n'kumutsekereza pamasitepe ndi mafunso ndi timasewera, iye n'kumapereka tindalama ndi maswiti. Ndi sewero chabe, si malowolo, musabwereke ndalama chifukwa cha zimenezi.

Pofika kumadyerero, akwati amalandiridwa ndi karavai, buledi wamkulu wozungulira wokongoletsedwa, ataikidwa pa nsalu yopeta, pamwamba pake pali kambale ka mchere. Mkwati ndi mkwatibwi aliyense amaluma, ndipo woluma chachikulu amati ndiye adzalamulire nyumba. Mwa mwambo wawo, wonyamula buledi ameneyu ndi mayi a mwamuna. Mayi anu kulibe, ndipo mwanena kuti mwanayu munamulera ndinu. Ndikanakhala inu ndikanapempha kuti ndinyamule ndine, ndipo sindikuona banja lokana pempho lotere. Konzaninso mawu, chifukwa woyendetsa mwambo adzakupatsani mpata wodalitsa akwati mutanyamula tambula. Mukamva anthu akukuwa kuti "Gorko!" musadabwe, akuti chakumwa chikuwawa, akwati apsompsonane kuti chitsekemere. Perekaniperekani kulibe, ndalama amaika mu envelopu.

Mnyamata wophunzira ku Nizhny Novgorod: Aunt, ine ndili mumzinda womwewo. Majekete a kaunjikawo mufikire nawo, koma Januwale kuno kumazizira mpaka madigiri -15 kapena -20, mtsinje wa Volga umauma anthu n'kumawedza nsomba ataboola ayezi. Chovuta si jekete koma mapazi, makutu ndi zala. Mlongo wanu akuchingamireni ku eyapoti ndi nsapato zaubweya mkati, chipewa ndi magolovesi. Valani zovala zingapo zosanjikiza, chifukwa m'nyumba, m'sitima ndi m'masitolo mumatentha mpaka thukuta. Dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko. Kuchokera ku Moscow kufika kuno ndi maola pafupifupi 4 pa sitima yothamanga, ndipo nthawi ya kuno ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi kwathu. Mukalakalaka nsima tili ndi manka, ufa wa tirigu wokhakhala, timaphikira umenewo. Mowa akakupatsani n'kukana mwaulemu kuti simumwa, palibe adzakwiye, kwezani tambula ya juwisi. Chakudya chokha musakane: borscht (msuzi wofiira wa bitiruti), pelmeni (timitanda ta ufa wa tirigu tokhala ndi nyama mkati), ndi tiyi amene sathera kapu imodzi.

Bambo amene anaphunzira ku Kazan: Za ulendo musazitenge mopepuka. Makadi a Visa ndi Mastercard a mabanki akunja anasiya kugwira ntchito ku Russia mu Malichi 2022, ndiye nyamulani madola atsopano, osang'ambika ndi osalembedwa, mukasinthe ku banki. Facebook ndi Instagram zinatsekedwanso chaka chomwecho, achibale muwauziretu. Za visa yambani msanga, kazembe wa Russia woyang'anira Malawi amakhala ku Harare. Polowa m'dziko adzakupatsani kapepala ka olowa ndi otuluka, musakataye, ndipo amene mukafikire kwawo akulembetseni m'masiku 7 a ntchito. Pasipoti muziyenda nayo. Nkhani ya nkhondo ya ku Ukraine musaiyambe, kaya patebulo kaya pafoni, pali malamulo okhwima ndipo simudziwa amene ali ndi mwana kunkhondoko.

Wofunsa: Ndamuimbira mlongo wanga usiku womwe uno. Wandiuza kuti foni ija itatha, mayiwo anafunsa saizi ya phazi langa ndipo ayamba kale kundilukira masokosi aubweya. Za buledi uja akuti ankaopa kundipempha poganiza kuti n'kundilemetsa. Ndanena kuti ndidzanyamula ndine. Mayina awiri aja ndawalemba papepala, ndamata pagalasi. Mphatso ndaganiza zitenje ziwiri, tiyi wa ku Thyolo ndi khofi wa ku Mzuzu. Funso latsala limodzi: mawu odalitsa aja ndikufuna ndiyankhule m'Chichewa, monga akanachitira mayi athu, mlongo wanga azimasulira. Kodi mkwati kumasulira yekha pa ukwati wake n'koyenera, kapena ndipemphe mmodzi wa ana athu ophunzira kumeneko adzaime nane?