Kodi buku la atsikana ophika makeke lija ndi loti munthu n'kuligula?

Mayi a Chisomo, Chilomoni: Ndikupempha nzeru kwa inu akuluakulu. Mwana wanga wa Fomu 3 wandiumiriza sabata yonse kuti ndimugulire buku la Chingerezi lomwe analiona m'sitolo ya mabuku m'tauni, lonena za atsikana awiri ophika makeke ogulitsa, mmodzi mwa iwo n'kuyamba kukondana ndi mnyamata wobwera kudzagula. Akuligulitsa K18,000, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Bambo Banda, Ndirande: Mayi, ine ndingakuletseni. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buku lililonse lochokera kunja lakwera mtengo mopanda chisoni, ndipo ndalama imeneyo ikhoza kugula mapepala a mayeso akale a MSCE, omwe mwanayo adzawafune chaka chamawa. Komanso nkhani za zibwenzi pa msinkhu umenewu sizindisangalatsa.

Anaphiri, Zingwangwa: Bambo Banda, ndikukumvani, koma bukulo ndinaliwerenga lonse ndisanalole mdzukulu wanga kuligwira. Chibwenzicho n'chopepuka kwambiri, sichipitirira kugwirana manja ndi kuchita manyazi. Pamene pali nkhani yeniyeni ndi pa ubwenzi wa atsikanawo, makamaka pomwe akukangana chifukwa mmodzi watenga ndalama za bizinesi osauza mnzake, kenaka n'kukhala masiku angapo akukanda ufa m'khitchini imodzi osalankhulana. Ndaphunzitsa Chingerezi zaka zambiri, ndipo ndaona kuti mwana wowerenga nkhani yomusangalatsa amalemba chimangirizo chomveka kuposa mnzake woloweza mayankho a mapepala akale.

Mayi Gondwe, Limbe: Ine ndilankhulepo za kaphikidwe, poti ndi ntchito yanga. Kumapeto kwa bukulo kuli malangizo a kaphikidwe, koma analembera anthu a ku America, choncho kutentha kwa uvuni analemba 350 m'muyeso wa Fahrenheit, komwe kuli ngati 180 m'muyeso wa Celsius womwe uli pa mauvuni athu. Wanga wamkulu anazunguza mutu kufunafuna 350 pa uvuni yomwe manambala ake amathera pa 250. Pamene alemba buttermilk ife tinathira chambiko, m'malo mwa batala tinaika majarini, ndipo keke inafufuma bwinobwino. Tsiku lina magetsi anazima keke ili pakati pa kupsa, tinayatsa mbaula, n'kuthira mchenga m'sefuliya yaikulu, n'kuikamo chitini, makala ena pamwamba pa chivundikiro monga momwe timachitira chigumu. Inapserera pang'ono pansi, koma palibe anasiya chidutswa.

Bambo Banda, Ndirande: Zimene mwafotokozazi, Mayi Gondwe, zikundilimbitsa maganizo, chifukwa ndiye kuti pamwamba pa K18,000 ija padzabwera ufa watirigu, shuga, mazira ndi makala. Bwanji mwanayo ayambe wakafunsa ku laibulale ya National Library Service, kapena kwa anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu m'tauni ndi ku Limbe?

Anaphiri, Zingwangwa: Kwa anyamatawo munthu amapeza chimene chapezeka tsikulo, osati chimene wapitira. Langa ndikanabwereka Mayi a Chisomo, koma linayenda m'manja mwa atsikana asanu a kutchalitchi kwathu ndipo linabwerako lili ndi mafuta, masamba a kaphikidwe atathothoka.

Mayi a Chisomo, Chilomoni: Zikomo nonse. Ndalankhula ndi amayi a mnzake wa Chisomo ndipo tagwirizana kusonkha K9,000 aliyense, bukulo lizigona sabata kuno, sabata kwawo. Mapepala a mayeso ndidzagula mwezi wamawa, Bambo Banda, sindinaiwale. Mayi Gondwe, ngati n'kotheka Loweruka masana atsikanawa abwere kwanu kuti muwaonetse kaikidwe ka mchenga kaja, ufa ndi mazira abweretsa okha.